Kodi osauka a m'midzi ya ku England ankadalira chifundo kapena lamulo?

Nangozo_Newbury:
Moni nonse apagulu. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Berkshire, ndipo m'matchalitchi akale a m'midzi yozungulira ndakhala ndikuona matabwa akuluakulu okhomedwa pakhoma, olembedwa mayina a anthu amene anamwalira kalekale pamodzi ndi zimene anasiyira osauka a parishiyo. Wina anasiya munda kuti lendi yake izigulira buledi Lamulungu lililonse, wina anasiya ndalama zogulira malasha kapena nsalu za akazi amasiye zoti zizigawidwa pa 21 Disembala, tsiku la Tomasi Woyera. Kodi munthu wosauka wa m'mudzi zaka 200 kapena 300 zapitazo ankangodalira mtima wabwino wa anthu oterewa basi? Ndimamvanso anthu akutchula Speenhamland, dera lomwe lili pafupi ndi kumene ndimakhala, ngati malo amene kunachitika chinthu chachikulu. Amene munawerenga mbiri imeneyi, chonde tithandizeni.

Mphunzitsi_Wopuma:
Zikomo mayi Nangozo pofunsa funso labwino. Mphatso zolembedwa pa matabwawo zinalipodi, koma zinali ndiwo chabe. Chithandizo chachikulu chinkachokera ku msonkho umene lamulo linkakakamiza anthu kupereka. Mfumu Henry VIII atatseka nyumba za amonke pakati pa 1536 ndi 1540, malo ena amene osauka ankalandirako zachifundo anatha, ndipo pamene zokolola zinalephera zaka zotsatizana m'ma 1590, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo a 1598 ndi 1601 mu ulamuliro wa Mfumukazi Elizabeth I. Lamulo la 1601 linaika udindo wonse pa parishi. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo parishi sinali dera la mpingo lokha, koma inalinso nthambi yaing'ono kwambiri ya boma, ndipo ku England ndi Wales maparishi analipo pafupifupi 15,000.

Chaka chilichonse pa nyengo ya Pasaka, eni nyumba ndi minda ankakumana m'chipinda cha m'tchalitchi n'kusankha anthu awiri, atatu kapena anayi kuti akhale oyang'anira osauka, ndipo majisitireti ankawavomereza. Anthuwa sankalipidwa. Ankatolera msonkho kwa aliyense wokhala ndi nyumba kapena munda, ndipo ndalamazo zinali ndi ntchito zitatu: kusamalira okalamba, akhungu, olumala ndi ena osatha kugwira ntchito, kugula ubweya, fulakisi ndi zipangizo zina kuti amphamvu osowa ntchito azipeza chochita, komanso kupereka ana a osauka kwa anthu oti awaphunzitse ntchito. Wokana msonkhowo ankalandidwa katundu.

Kamtedza:
Ngati wokana ankalandidwa katundu, ndiye kuti chimenecho sichinali chifundo ayi. Unali msonkho wa boma wotoleredwa m'tchalitchi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwanena zoona a Kamtedza, ndipo ine ndimaona kuti ubwino wake unali pomwepo. Chifundo chimadalira kuti wopereka wadzuka bwanji tsiku limenelo, pamene mkazi wamasiye amene oyang'anira amukaniza chithandizo ankatha kupita kwa majisitireti kukadandaula, ndipo majisitiretiyo anali ndi mphamvu yolamula kuti apatsidwe. M'maiko ambiri a ku Ulaya nthawi imeneyo munthu wa m'mudzi analibe khomo lotere loti akagogodepo.

Mlonda_wa_Mabuku:
Ndiwonjezere pang'ono, popeza ndinakhalapo m'nyumba ina yosungira zolemba zakale n'kutsegula mabuku a oyang'anira osaukawa. Ndi mabuku a ndalama chabe, mzere uliwonse chinthu chimodzi ndi mtengo wake, inki yake yofiirira chifukwa cha zaka. Koma ukamawerenga umaona mudzi wonse. Pali ndalama ya sabata ndi sabata ya mayi wamasiye, lendi ya nyumba ya nkhalamba, nsapato za mwana, nkhuni za m'nyengo yozizira, malipiro a mzamba, malipiro a dokotala amene parishi inagwirizana naye pachaka. Ukatsatira dzina limodzi masamba angapo, umapeza kuti ndalama ya sabata yakwera, kenako pakubwera mtengo wa vinyo kapena nyama ya wodwala, kenako malipiro a mayi amene ankachezera naye usiku, ndipo pamapeto pake bokosi, okumba manda ndi woliza belu. Dzinalo silionekanso.

Mayi Nangozo, chimene chingakukhudzeni n'chakuti osamalira odwalawo nthawi zambiri anali amayi osauka a m'mudzi momwemo, ena mwa iwo olandira chithandizo. Parishi inkawalipira kuti asambitse, achape ndi kudyetsa anzawo, motero ndalama imodzi inkathandiza makomo awiri.

Nangozo_Newbury:
Zimenezi zandikhudzadi bambo. Ntchito yosambitsa ndi kutembenuza munthu amene sangathe kudzuka ndi yolemetsa ngakhale lero pamene tili ndi makina onyamulira, ndiye ndikuganizira mayi amene ankaichita m'nyumba yozizira, madzi otunga pachitsime, iye mwini ali ndi njala.

Mwana_wa_Ntcheu:
Ine ndikuona kuti tikuyamikira mopitirira. A Mphunzitsi sanatchule lamulo la 1662, lomwe ndi limene linkalamulira moyo wa wosauka kuposa la 1601. Popeza parishi iliyonse inkalipira osauka ake okha, funso loyamba kwa munthu wovutika silinali lakuti "wadya kodi?" koma lakuti "kwanu n'kuti?" Lamulolo linalola kuti mlendo amene akuoneka kuti angadzafune chithandizo abwezedwe kwawo m'masiku 40 oyamba, pokhapokha ngati akuchita lendi nyumba ya mapaundi 10 pachaka, mtengo umene wantchito wa m'munda sakanaukwanitsa. Munthu ankatha kuthamangitsidwa asanapemphe ngakhale kobiri limodzi, ndipo zimenezi zinasintha mu 1795 pamene lamulo linati adikire kaye mpaka atapemphadi.

Njira imodzi yopezera kwanu kwatsopano inali kulembedwa ntchito chaka chathunthu uli wosakwatira. Tsono alimi olemera anaphunzira kulemba anyamata ntchito masabata 51, kuti chaka chisakwane ndipo parishi isadzakhale ndi udindo pa iwo. Mtsikana woyembekezera wopanda mwamuna ndiye ankaona zakuda, chifukwa mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankawerengedwa wa parishi imene wabadwiramo, choncho oyang'anira ankafulumira kumuolotsa malire mwana asanabadwe. Maparishi ankawonongeranso ndalama zambiri m'makhoti kukanirana munthu mmodzi. Kodi zimenezi tizitchule chisamaliro?

Kamtedza:
Ndipo musaiwale chizindikiro. Lamulo la 1697 linati wolandira chithandizo, mkazi wake ndi ana ake azivala chilembo cha P paphewa la kumanja, pamodzi ndi chilembo choyamba cha dzina la parishi. Linachotsedwa mu 1810.

Mphunzitsi_Wopuma:
Achimwene a ku Ntcheu, zonse mwatchulazo sindikuzikana, ndipo nkhani ya atsikana oyembekezera ndi yochititsa manyazi. Koma lamulo lomwelo limene linkathamangitsa munthu ndi limene linkatsimikiza kuti pali malo amodzi padziko amene sangamukane. Anthu osauka ankalidziwa bwino zimenezi, ndipo ankasunga m'mutu mbiri ya kumene anabadwira, kumene anagwirako ntchito chaka chathunthu ndi kumene bambo awo anali, popeza ankadziwa kuti tsiku lina majisitireti adzawafunsa. Kunena za chizindikiro, maparishi ambiri sankalimbikira kuchikakamiza.

Chitsime_cha_Kale:
Ndibwerere ku mphatso zimene mayi Nangozo anafunsa poyamba, chifukwa zina zikadalipo mpaka pano. Ku Tichborne, m'dera la Hampshire, pa 25 Malichi chaka chilichonse anthu a m'midzi ya kumeneko amabwera ndi matumba kudzalandira ufa wa tirigu umene wansembe amayamba waudalitsa. Nthano ya kumeneko imati mayi wina wa banja la Tichborne ali pafupi kumwalira anapempha mwamuna wake munda wa osauka, ndipo mwamunayo anati amupatsa malo okhawo amene angawazungulire muuni usanazime, motero mayiyo anakwawa kuzungulira maekala 23. Mu 1796 mwambowo unaimitsidwa chifukwa unkakopa anthu oyendayenda ochokera kutali, ndipo unayambiranso patapita zaka zambiri. Ku Biddenden, m'dera la Kent, amagawanso buledi ndi tchizi pa nyengo ya Pasaka, mwambo umene unayamba ndi lendi ya minda imene inasiyidwira osauka. Taonani kuti ngakhale mphatso yachifundo inagunda pa khoma lomwelo limene a ku Ntcheu atchula: ufa unali wa anthu a pamudzipo, mlendo ayi.

Nangozo_Newbury:
Nanga za Speenhamland?

Mlonda_wa_Mabuku:
Chaka cha 1795 chinali chowawa. Dziko linali pa nkhondo ndi France kuyambira 1793, zokolola za 1794 zinali zochepa, kunazizira koopsa, ndipo mtengo wa tirigu unakwera mpaka anthu anayamba kuchita zipolowe m'misika. Chaka chomwecho m'busa David Davies wa parishi ya Barkham, ku Berkshire komweko, anasindikiza zimene anapeza atalemba ndalama zolowa ndi zotuluka m'mabanja a antchito a m'minda, ndipo zinasonyeza kuti malipiro sankakwanira zofunika pamoyo ngakhale bambo akugwira ntchito masiku onse.

Pa 6 Meyi 1795 majisitireti a ku Berkshire anakumana m'nyumba ya alendo yotchedwa Pelican ku Speenhamland. Cholinga choyamba chinali kukambirana zoika malipiro a antchito a m'minda, koma anasiya njira imeneyo n'kugwirizana kuti parishi iziwonjezera pa malipirowo molingana ndi mtengo wa buledi. Buledi wamkulu wolemera pafupifupi makilogalamu 4 akamagulidwa sheleni imodzi, bambo ayenera kukhala ndi masheleni atatu pa sabata, ndipo mkazi ndi mwana aliyense sheleni imodzi ndi sikisi. Buledi akakwera ndi kobiri limodzi, bambo amuwonjezere tiki ndipo ena onse kobiri limodzi aliyense. Choncho banja la bambo, mayi ndi ana atatu linkayenera kukhala ndi masheleni 9 buledi ali pa sheleni imodzi. Ngati malipiro anali masheleni 7, parishi inkapereka awiri otsalawo. Silinakhalepo lamulo la dziko lonse, ndipo maparishi ena ankachita zofanana nazo kale, koma njira zoterezi zinafala makamaka m'madera a ulimi a kummwera ndi kummawa.

Gogo_Nasibeko:
Ana inu mwandikumbutsa ndalama zimene tinkagwiritsa ntchito tisanalandire kwacha mu 1971. Sheleni inali makobiri 12, sikisi inali theka lake, tiki inali makobiri atatu, ndipo paundi inali masheleni 20. Ndalemba izi kuti achinyamata athe kutsatira masamu a bambo Mlonda.

Kamtedza:
Zikomo agogo. Ine masamuwo ndawatsatira, ndipo akundionetsa kuti wopindula anali mlimi wolemera. Ngati akudziwa kuti parishi idzadzaza pamene pachepa, angakweze malipiro chifukwa chiyani? Ndipo msonkhowo ankaperekanso wosula zitsulo, wa kagolosale ndi mlimi wamng'ono amene salemba antchito.

Mwana_wa_Ntcheu:
Ndi momwemo. Kunalinso njira ina imene munthu wosowa ntchito ankatumizidwa ndi oyang'anira kuzungulira makomo a alimi, lero kwa uyu mawa kwa uyo, mlimi akulipira gawo ndipo parishi ikulipira gawo lotsala. Tikumbukirenso kuti zaka zomwezo Nyumba ya Malamulo inkavomereza malamulo ambirimbiri otchinga ndi mipanda malo amene kale anali a mudzi wonse. Banja limene linkadyetsa ng'ombe imodzi ndi atsekwe pamalo oterowo, n'kumatolapo nkhuni, linatsala ndi manja okha. Phungu wa Nyumba ya Malamulo Samuel Whitbread anayesa kubweretsa lamulo la malipiro ochepetsetsa kumapeto kwa 1795, koma nduna yaikulu William Pitt inalitsutsa ndipo linagwa. Anthu omwewo amene anatenga malo ndi kukana kukweza malipiro ndi amene pambuyo pake ankadandaula kuti osauka akudya msonkho.

Dziko_ndi_Anthu:
Komabe abale, mtolowo unalemeradi, tisabise. M'ma 1780 dziko linkawononga pafupifupi mapaundi 2 miliyoni pachaka pothandiza osauka, koma pofika 1818 ndalamazo zinali pafupifupi 8 miliyoni. Parishi yaing'ono ya Cholesbury ku Buckinghamshire inafika polephera kutolera msonkho mu 1832, alimi anasiya minda, ndipo osauka anapulumuka ndi thandizo lochokera kunja kwa parishi. Katswiri wa zachuma Thomas Malthus anali atalemba kale mu 1798 kuti chithandizo chotere chimalimbikitsa anthu kukwatira msanga ndi kubereka ana amene sangathe kuwadyetsa. Kodi sitingavomereze kuti m'mawu ake munali choonadi china?

Mphunzitsi_Wopuma:
Choonadi chilipo pa kukwera kwa ndalama, koma pa chifukwa chake ndikukayika. M'zaka zimenezo chiwerengero cha anthu chinkakwera m'dziko lonse, ngakhale ku Scotland ndi ku Ireland kumene kunalibe njira ya Speenhamland. Nkhondo itatha mu 1815 asilikali ambirimbiri anabwerera kudzafuna ntchito, mitengo ya zokolola inagwa, ndipo ntchito yopota ulusi pamanja, imene amayi a m'midzi ankapezera ndalama, inali italandidwa ndi mafakitale a kumpoto. Katswiri wa zachuma Mark Blaug analemba mu 1963 kuti ndalama zowonjezerazo zinali zotsatira za malipiro ochepa ndi kusowa kwa ntchito, osati gwero lake, ndipo akatswiri ambiri a mbiri anatsatira maganizo amenewo. Cholesbury inatchuka chifukwa bungwe limene boma linakhazikitsa mu 1832 kuti lifufuze za malamulo a osauka, momwe munali Nassau Senior ndi Edwin Chadwick, linaigwiritsa ntchito ngati chitsanzo choopsezera, koma inali parishi yaing'ono kwambiri ya malo ochepa. Vuto lake likusonyeza kuti mudzi umodzi sungasenze wokha umphawi wa dera lonse.

Dziko_ndi_Anthu:
Mkangano umenewu ndi womwe timaumva kwathu pa Mtukula Pakhomo chiyambire ku Mchinji mu 2006: ena amati ndalamazo zimachititsa ulesi, ena amati zimapulumutsa mabanja amene alibe wowagwirira ntchito.

Mlonda_wa_Mabuku:
Kufanana kulipo pa mawu amene anthu amayankhula, koma kusiyana n'kwakukulu. Mtukula Pakhomo amalunjika mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wamphamvu, ndipo ndalama zake sizitoleredwa m'mudzi momwemo. Ku England wopereka ndi wolandira ankaonana Lamulungu lililonse, ndipo woyang'anira osauka nthawi zambiri anali bwana wa wopemphayo. Tibwerere komweko, chifukwa nkhani isanafike pa lamulo latsopano la osauka la 1834 pali chaka cha 1830.

M'chaka chimenecho antchito a m'minda, kuyambira ku Kent mpaka ku Hampshire, Berkshire ndi Wiltshire, anaphwanya makina opunthira tirigu ndi kutentha milu ya udzu wa ziweto, akutumiza makalata oopseza osainidwa ndi dzina lakuti Captain Swing. Kupuntha tirigu inali ntchito yawo ya m'nyengo yozizira, ndipo makinawo anawalanda pa nthawi imene maparishi ambiri anali atachepetsa kale chithandizo. M'malo ena ananyamula woyang'anira osauka pa ngolo n'kumutulutsa m'mudzi. Boma linayankha mwankhanza: anthu 19 ananyongedwa ndipo pafupifupi 500 anatumizidwa ku Australia.

Nangozo_Newbury:
Ndiye lamulo la 1834 linathetsa chiyani?

Mwana_wa_Ntcheu:
Linachotsa mphamvu m'manja mwa parishi. Maparishi anaphatikizidwa m'magulu pafupifupi 600, ndipo gulu lililonse linayenera kukhala ndi nyumba yosungiramo osauka n'kumawagwiritsa ntchito, yotchedwa workhouse. Mfundo yake inali yakuti moyo wa wolandira chithandizo ukhale wosasiririka kuposa wa wantchito wosaukitsitsa amene akudziimira yekha, kuti munthu azilowamo pokhapokha atasoweratu pogwira. Pakhomo pomwepo bambo ankapita mbali yake, mayi mbali yake, ana mbali yawo, onse atavula zovala zawo n'kuvala za m'nyumbamo. Ya ku Southwell ku Nottinghamshire, imene inamangidwa mu 1824 motsogozedwa ndi m'busa John Becher ndipo inakhala chitsanzo cha zinazo, ikadalipo ndipo anthu amakaiona. Mabwalo ake ndi ogawidwa ndi makoma kuti magulu asaonane. Ku Andover mu 1845 zinadziwika kuti amuna amene ankapatsidwa ntchito yophwanya mafupa a feteleza ankalimbirana mafuta ndi tinyama towola totsalira pa mafupawo chifukwa cha njala. Apa ndikuvomereza kuti chimene chinabwera chinali choipa kuposa chimene chinachoka.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndiwonjezere kuti ngakhale pambuyo pa 1834 ambiri mwa olandira chithandizo ankalandirabe ali m'makomo mwawo, chifukwa kusunga banja lonse m'nyumba ija kunali kodula kuposa kulipatsa masheleni angapo. Koma mantha ake anakhazikika m'mitima ya anthu mibadwo ingapo, ndipo lamulo la osauka linathetsedwa kotheratu mu 1948.

Gogo_Nasibeko:
Ine funso langa ndi la abale. Kodi anthu amenewa analibe ana ndi adzukulu owasamalira, kuti mpaka nkhalamba izidikira parishi?

Mphunzitsi_Wopuma:
Agogo, lamulo la 1601 linanena kuti makolo, agogo ndi ana amene ali ndi kuthekera azisamalirana, koma linalekeza pomwepo: achimwene, alongo, amalume ndi adzukulu silinawakakamize. Komanso m'midzi ya ku England achinyamata ankachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zingapo kukagwira ntchito m'nyumba za ena, ndipo akakwatira ankamanga khomo lawolawo, kawirikawiri m'parishi ina. Mwana amene akulephera kudyetsa ana ake ndi masheleni 8 sakanatha kusenzanso mayi ake. Ana amasiye ndiwo ankaperekedwa kwa alimi kapena amisiri, anyamata mpaka zaka 24 poyamba, atsikana mpaka 21 kapena kukwatiwa, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ena ankatumizidwa kutali ku mafakitale a thonje monga ya Quarry Bank ku Styal.

Kamtedza:
M'zokambirana zonsezi tamva mawu a majisitireti, abusa ndi akatswiri. Nanga osauka eni ake ananenapo chiyani?

Mlonda_wa_Mabuku:
Ananena zambiri, ndipo makalata awo akadalipo, makamaka ochokera ku maparishi a ku Essex ndi madera ena. Chifukwa kubweza banja kwawo kunali kodula, maparishi ambiri ankavomera kutumizira ndalama munthu wawo amene akukhala kwina, monga ku London. Munthuyo ankalemba yekha, kapena kupempha mnzake wodziwa kulemba, n'kufotokoza kuti mwamuna wadwala, lendi yatsalira, zovala ndi zofunda zili kwa wobwereketsa ndalama, ana alibe nsapato zopitira kukafuna ntchito. Amayamba modzichepetsa kwambiri, koma ambiri amafika pokumbutsa oyang'anira kuti ngati ndalama sizibwera, banja lonse libwerera kwawo, ndipo parishi idzalipira nyumba, chakudya ndi zonse, pamene panopa akungopempha masheleni ochepa pa sabata. Ankawerengera oyang'anirawo masamu awo omwe, ndipo nthawi zambiri ndalama zinkatumizidwa.

Mwana_wa_Ntcheu:
Zinkatumizidwa, inde, koma nthawi zambiri mochedwa ndiponso zochepa kuposa zimene anapempha, n'chifukwa chake dzina limodzi limapezeka pa makalata ambirimbiri zaka zotsatizana. Mayi Nangozo, popeza muli ku Berkshire, nyumba yosungira zolemba zakale za derali ili ku Reading. Mukapita kumeneko pemphani mabuku a oyang'anira osauka a parishi imene mumagwirako ntchito, makamaka a zaka za 1795, 1800 ndi 1801 pamene buledi anakwera kwambiri, ndiponso mapepala a mafunso amene majisitireti ankafunsa anthu asanawabweze kwawo.